Apongozi Anga Akati Thu Kilabu

Masiku ano briji ndimasewera pafoni. Ukalowa pa intaneti amakupatsa mnzako wosewera naye mbali imodzi amene sunamuonepo, mwina ali kutsidya la nyanja, mwina ndi makina chabe. Anzanga okalamba amadandaula kuti n'zosakoma kusewera makhadi ndi munthu wopanda nkhope. Ine ndimangoseka, chifukwa ndinasewera zaka zambiri ndi munthu amene nkhope yake inali patsogolo panga penipeni, koma mwambo sunkandilola kuiyang'ana. Anali apongozi anga, mayi wobereka mkazi wanga.

Ndinafika ku Kasisi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Katete, ndili ndi sutikesi imodzi ndi nsapato zomwe ndinkazisamala kuposa thupi langa. Sindinachedwe kukwatira. Mkazi wanga anali mwana wa namwino wopuma ntchito wa pakachipatala ka pamishoni. Kwathu ndi kwawo mwambo unali umodzi: mkamwini ukakumana ndi apongozi aakazi panjira umapatukira kutchire, ngakhale kuli chitedze. Sudya nawo pamodzi, suwayang'ana m'maso, ndipo ukakhala ndi mawu umatuma mkazi wako. Ine mwambowu ndinkausunga mopitirira muyeso, chifukwa amayiwo ndikanawaopa ngakhale pakanapanda mwambo. Anali aafupi, a mawu omveka ngati belu la kutchalitchi, ndipo theka la anthu a m'deralo anabayidwapo jakisoni ndi iwo ndipo ankakumbukirabe.

Briji apongoziwo anaphunzira kwa wansembe wina wokalamba, mzungu, amene anakhala pamishonipo kuyambira ine ndisanabadwe. Lamlungu lililonse masana, Misa itatha ndi mimba zitakhuta, ankakhala pakhonde la nyumba ya ansembe ndi tebulo laling'ono, tiyi ndi nsawawa zokazinga. Amayi a m'mudzi ankanong'onezana kuti namwino uja amatchova njuga ndi Abambo, koma palibe amene analimba mtima kukanena pamaso pawo. Wachitatu anali ahedi a pasukulu yathu, munthu woseka ndi thupi lonse. Wachinayi anali bulaza wina wa pamishonipo amene anasamutsidwa chaka chomwe ine ndinakwatira, ndipo briji sasewera anthu atatu. Ahedi anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti popeza ndimaphunzitsa masamu, Lamlungu ndikaonekere pakhonde. Sanali kupempha.

Vuto linali pokhala. Mu briji anthu amasewera awiriawiri, mnzako amakhala moyang'anizana nawe, adani ako kumanja ndi kumanzere. Ahedi anati ine ndisewere nawo iwo, kuti ndisayang'anizane ndi apongozi. Amayiwo anakana. Anauza mkazi wanga, amene anali atakhala pakampando pambali ndi zoluka zake, kuti mkamwini kukhala pambali pawo, zigongono n'kumakhudzana, kenaka n'kumawadyera makhadi awo, chimenecho ndiye chipongwe chenicheni. Kuli bwino akhale kutsidya, tebulo litseke pakati. Kunena za kulankhulana, iwo anati mawu a briji sauza munthu, amauza tebulo. Wansembe anavomera ndi mutu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndinakhala kutsidya, maso pamakhadi anga, ndipo wansembeyo anandiyamikira kuti sanaonepo wophunzira wa khalidwe ngati ine, wosayesa n'komwe kuwerenga nkhope ya mnzake.

Musanayambe kuponya makhadi pamakhala kutchula. Aliyense panthawi yake amanena mawu ochepa: wani hati, thu sipedi, kapena pasi ngati alibe chonena. Wongomvera amayesa kuti mukungopikisana kulonjeza milu ya makhadi imene mudye, koma kwenikweni ukuuza mnzako zimene wanyamula m'manja. Kutsinzinira, kutsokomola, kuponda phazi pansi pa tebulo, zonsezo ndi kuba. Uli ndi timawu tomweto basi, n'chifukwa chake osewera anapangana kalekale tanthauzo la kalikonse. Pakhonde paja panalinso lamulo lathu lathu: ndege ikamatsika kupita kubwalo, poti linali pafupi, kutchula kunkayamba kwaima mpaka phokoso lidutse.

Pa mapangano onsewo, wansembe anandibwerezera limodzi mpaka linandikola. Mnzako akatsegula ndi thu kilabu, sakunena za makilabu ayi. Akuti, ndanyamula makhadi amphamvu zedi, usandisiye ndekha. Pamenepo sunena pasi, ngakhale m'manja mwako muli zinyalala zokhazokha. Ukakhala wopanda kanthu umati thu dayamondi, ndiko kuti, ndilibe kanthu koma ndakumvani, pitirizani.

Lamulolo ndinkalidziwa ngati Atate Athu. Koma kutchula kuli ndi khalidwe loipa: chilichonse chimene unganene chiyenera kukhala pamwamba pa chimene chanenedwa kale. Ndiye kuti apongozi akati wani, ine ndinene thu. Mkamwini, wodya nsawawa za eni ake, kukweza mawu pamwamba pa apongozi! Kwathu amati mkamwini asamakule mwendo. Masabata oyamba ndinkangoti pasi, pasi, ndipo onse ankayesa kuti ndi mantha a wophunzira.

Tsiku lina m'chaka cha chilala chija, chimene tinadya chimanga chachikasu, amayi anasanja makhadi awo, anakhosomola pang'ono, n'kunena ndi mawu awo onse, “Thu kilabu.” Wansembe anati pasi. Ine m'manja mwanga munali esi ya hati, kingi wa dayamondi ndi masipedi angapo abwino. Mutu unkati yankha, koma mwambo unakana. Ndinaweramitsa mutu mwaulemu wonse umene mayi anga anandiphunzitsa, n'kunena motsitsa, “Pasi.” Ahedi anati pasi msangamsanga ngati munthu watola ndalama pamsewu, kenaka anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

Tsono amayi anayenera kusewera ndi makilabu ngati mfumu ya makhadi, pamene iwo anali ndi timakilabu tiwiri tating'ono, ambiri ali kwa ahedi. Ine ndinayala makhadi anga patebulo, monga mmene mnzake wa wosewera amachitira, ndipo onse anaona kuti tikadasankha masipedi tikadadya milu yonse osasiyako ndi umodzi womwe, mwayi umene umabwera kamodzi pachaka. M'malo mwake tinagwa. Amayi anaika khadi lomaliza pansi pang'onopang'ono n'kutembenukira kukampando.

“Uza bamuna bako,” anatero, “kuti mutu wao ni thanga, dzungu chabe. Uwafunse ngati ku koleji banaphunzira chabe kupolisha nsapato. Nabaitana, beve bagona!”

Ine ndinali pomwepo, mtunda wa mkono umodzi, ndipo ndinamva liwu lililonse. Mkazi wanga anamaliza kaye mzere wa zoluka zake, anatembenukira kwa ine ndi nkhope yozizira bwino, n'kunena, “Ati muyeseko futi,” ndiko kuti ndiyesenso.

Ndinamunong'oneza kuti awauze kuti ndinachita ulemu.

“Ulemu?” Amayi sanadikire n'komwe kuti uthenga uwafike. “Uwauze kuti ulemu bausiye pa geti. Pano nikaitana, bayankhe. Sinipenya makhadi yao ine, nizaziba bwanji vamene bali navo ngati bangokhala zii?”

“Ati muziyankha,” anatero mkazi wanga, ndipo mapewa ake ankanjenjemera ndi kuseka kobisa.

Kuyambira tsikulo ndinayamba kuyankha, poyamba ndi thukuta, kenaka mosavuta. Pomatha zaka ziwiri tinali titawasowetsa mtendere ahedi ndi wansembe. Panjira ndinkapatukirabe kutchire, pakhomo pawo ndinkakhalabe kuseri kwa nkhokwe, koma patebulo ndinawadziwa amayiwo kuposa mmene ndinkawadziwira abale anga. Ndinadziwa kuti ndi munthu wosaopa kugwa, koma wodana ndi kusiyidwa yekha. Iwonso anandidziwa kuti ndimabisa mphamvu zanga, ndipo ndikati thu, ankawerengera kuti ndili ndi za firii. Kunyoza sikunathe. Ndinakhalapo thanga, mbuzi ya kumudzi ndi thumba la makala, ndipo zonsezo zikadutsa pakampando zinkasanduka mawu omwe aja, ati muyeseko futi. Mwana wathu wamkazi anabadwa m'zaka zimenezo, anakwawira pansi pa tebulo lomwelo, ndipo anadziwa kunena “pasi” asanadziwe kupempha madzi.

Mkazi wanga anamwalira m'dzinja, mwana ali giredi wani. Anali malungo. Lachiwiri ankadandaula mutu akuchapa, pofika kumapeto kwa sabata tinali kumanda. Za masiku amenewo sindikumbukira zambiri, koma matope ndi nyimbo za amayi a kutchalitchi. Ndinkamukonda mkazi ameneyo, ndipo mpaka lero ndikaona munthu akuluka ndimayang'ana kumbali.

Briji inaima. Miyezi inapita, chimanga chinauma m'minda, ndipo uthenga unabwera kuti akuchikazi akumana Loweruka kuti andisudzule ndi kukamba za mwana. Ndinkadziwa chimene chikubwera. Kwathu ndi kwawo, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mawu ndi malume ake. Malumeyo, mchimwene wa mkazi wanga, anali ndi munda ku Kanakantapa, ng'ombe zingapo za mkaka, mkazi wabwino ndi ana a msinkhu womwewo. Sanali munthu woipa. Anali atanena kale pamaliro kuti mwana wa mlongo wake sangakule ndi mwamuna yekha m'kanyumba ka aphunzitsi, ndipo aliyense anaona kuti wanena zanzeru. Ndinali mlendo, malipiro anga ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo kuluka tsitsi la mwana kunkandikanika moti ankapita kusukulu mutu uli ngati chisa cha mpheta. Koma mwanayo ankagona atagwira chala changa, ndipo ndikaganiza zomukweza minibasi ya ku Kanakantapa, mtima unkandithawa. Ndinaganiza kuti Loweruka ndikakhala pansi, ndikaweramitse mutu, ndikavomere zimene eni mbumba anene, ngati mwana woleredwa bwino.

Lamlungu la sabata imeneyo, nditangotuluka m'tchalitchi, wansembe anandigwira mkono n'kunena kuti masana ano tebulo lilipo. Ndinati sindikumva bwino. Iye anati amene watuma uthengawo sanafunse za thanzi langa.

Pakhonde zonse zinali monga kale, tiyi, nsawawa, makhadi otupa aja. Kampando kanalinso pamalo pake. Sindikudziwa amene anakatulutsa, mwina wantchito wa panyumbapo anangochita mwa chizolowezi, ndipo palibe amene analimba mtima kukachotsa. Amayi anali atavala zakuda, ataonda, mawu awo atachepa. Tinasewera mwakachetechete. Ahedi sanaseke ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinkaponya makhadi ngati munthu wogawa mapepala a mayeso.

Kenaka amayi anasanja makhadi awo n'kuti, “Thu kilabu.” Ahedi anati pasi. Ndinayang'ana m'manja mwanga, munalibe ngakhale khadi limodzi la chithunzi, tinambala tokhatokha. Nthawi ino sunali ulemu ayi. Ndinangoona kuti ndilibe kanthu, m'manja ndi mumtima momwe, ndipo ndinati, “Pasi.”

Amayi anaguguda tebulo ndi chala, anatembenukira kukampando monga ankachitira nthawi zonse, n'kuyamba, “Uza bamuna bako kuti…”

Anaima pomwepo. Pakampandopo panali tsamba la mango louma. Ahedi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Ndinamva amayi akupuma movutikira, ndipo ndinaganiza kuti adzuka azipita. Koma anabweza nkhope yawo kutebulo.

“Batate bake mwana,” anatero. “Niyang'aneni.”

Chikwatirire, anali asanandilankhulepo ine mwini. Ndinadzutsa mutu. Ndinadabwa kuona kuti ali ndi maso a mkazi wanga, ndi kachipsera pachibwano kamene sindinkakadziwa.

“Wotuma kulibe manje, so nizakamba neka. Mwachita futi vamene munachita chaka cha njala. Na pa Chibelu, Loweruka likubwerali, muzachita vamene ivi, naona kudala. Muzankhala pansi, mutu pansi, pasi, pasi, mwana ayende.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mokwiya, ngati misoziyo yawalakwira. “Uja wa ku Kanakantapa ni mwana wanga, nimuziba. Azakamba kuti tate sanapemphe, ndipo azankhala alibe mulandu. Ine siningaimilile pa bantu kupasa mwana wa mbumba yathu kuli munthu wamene sanatsegule pakamwa. Bazati nkhalamba yapenga. Koma mukakamba imwe, ine nili na pokwelela. Mumufuna mwana, olo simumufuna?”

Ndinati ndikumufuna, koma ndilibe kanthu, ndilibe munda, ndilibe ng'ombe, ndilibe mkazi wondithandiza.

“Nanga ninafunsa ng'ombe ine? Wamene alibe kanthu akamba chani pa tebulo pano?”

Yankho ndinkalidziwa bwino. Koma pasi ndinali nditanena kale, ndipo mu briji mawu akatuluka sabwezedwa. Wansembe ndiye anali wotsatira kutchula, munthu amene pa zaka zonsezo sanalolepo ngakhale ahedi kubweza khadi. Anakanda khutu, anayang'ana kumwamba, n'kunena m'Chinyanja chake cha m'mabuku, “Pepani, aphunzitsi, ndege inali kupita, sindinamve bwino. Munati chiyani?”

Kumwamba kunalibe ndege, kunali akabawi awiri okha.

“Thu dayamondi,” ndinatero.

“Eya,” anatero amayi, n'kubwezera maso pamakhadi awo. Ulendo umenewo tinapambana, ngakhale kuti ine sindinadye mulu ndi umodzi womwe.

Loweruka tinakumana pakhomo pa amayi, pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine anandipatsa mphasa chapatali, pamalo pa mkamwini. Akuluakulu analankhula za maliro, za katundu wa malemu, za kundimasula kuti ndikafuna kukwatira ndikwatire. Kenaka malume ananena za mwana, mofatsa ndi mwaulemu, ndipo anthu anavomera ndi mitu. Wina anafunsa, mongokwaniritsa mwambo, ngati bambo ali ndi mawu. Anali atayamba kale kuyang'ana kwina.

Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndipo ndinayamba kulankhula. Ndinati ndikudziwa kuti mwana ndi wawo ndipo sindikutsutsa mwambo. Ndinati ndilibe munda kapena ng'ombe, ndipo tsitsi lake aliyense akuliona mmene lilili. Koma ndinati mwanayu wataya mayi chaka chino, ndikupempha kuti asatayenso bambo, ndipo ine ndikamutaya sindidziwa chimene ndidzadzukire m'mawa. Ena anang'ung'udza. Mayi wina wachikulire ananena mokweza kuti akamwini a masiku ano alibe manyazi. Malume anandiyang'ana modabwa, osati mokwiya, ngati munthu amene wamva mbuzi yake ikulankhula.

Amayi sanandiyang'ane. Analankhula kwa mwana wawo wamwamuna. Anati bambo wapempha, ndipo kupempha si kuba. Anati sukulu ili pano, manda a mayi ake ali pano, iwonso ali pano ndipo manja oluka tsitsi akadali nawo. Mwana akhale ndi bambo ake, patchuthi azipita ku Kanakantapa akamwe mkaka ndi kudziwa abale ake, ndipo tsiku limene adzaone mwanayo akuvutika, adzamunyamula okha kukamutula kwa malume ake. Anakambirana nthawi yaitali, mawu anakwera n'kutsika, koma belu lija linali litabwerera m'khosi mwa amayi. Pomaliza malume anadzuka, anabwera pamphasa panga n'kundigwira dzanja. Anati akanadziwa kuti ndikumufuna chotere sakanafulumira, koma ine ndinkangokhala chete ngati munthu amene akufuna kumasuka azipita kwawo.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo ine ndi apongozi tinayamba kucheza. Lolemba lake ndinakumana nawo panjira ya kuchigayo, ndinapatukira kutchire, iwo anadutsa akuyang'ana kutsogolo. Nkhope yawo ndinaiona kamodzi kokha kaja, ndipo sanandilankhulenso mwachindunji mpaka tsiku limene anamwalira.

Lamlungu lotsatira ndinapita pakhonde ndi mwana wanga, tsitsi lake litalukidwa bwino mizere yowongoka. Poti pansi pa tebulo sankakwananso, anakwera pakampando paja n'kumagwedeza miyendo. Sipanapite nthawi, ndinaiwala kuwerenga mahati amene anali atatuluka, ndipo ahedi anatidyera mulu umene unali wathu. Amayi anaponya makhadi pansi n'kutembenukira kukampando.

“Uza batate bako kuti mutu wao ukali thanga. Thanga yobola!”

Mwanayo anayang'ana ambuye ake, kenaka anatembenukira kwa ine, nkhope itazizira bwino, manja ali pamiyendo.

“Ati muyeseko futi,” anatero.